Oyilo wa Harvard sindinamwe, ndinangolawa

Poti chithunzi chija, cha ine nkhope yonse ili oyilo wa ndege, mwachiona kale, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni wofunsa kuti oyilo ndisintha liti, ndati ndifotokoze ndekha nkhani isanamere nyanga. Amene akunena kuti ndinameza lita yathunthu sadziwa injini. Mu silinda ya injini ya ndege ya Harvard, pisitoni ikafika kumapeto kwa ulendo wake, malo otsala ndi ngati theka la lita basi. Lita yathunthuyo ikanachokera kuti? Komanso wambiri anathera pa malaya.

Linali tsiku lolizira alendo injini ku myuziyamu kumene timathandiza mongodzipereka, ndipo Harvard yathu inali itakhala milungu ingapo osaliza. Ine ntchito yanga tsiku limenelo inali ya pakamwa, kufotokozera anthu, n'chifukwa chake mukundiona m'malaya oyera osati mu ovolosi. Izi muzikumbukire.

Injini ya ndege imeneyi ndi Pratt & Whitney R-1340, ya masilinda 9 oyalidwa mozungulira, malita 22 onse pamodzi, mphamvu 600 hp. Masilinda akakhala mozungulira ndiye kuti ena ndi ozondoka, mutu pansi. Nambala 1 ali pamwamba, 5 ndi 6 ndiwo ali pansi penipeni. Ndege ikaima nthawi yaitali, oyilo amatsetsereka pang'onopang'ono, kudutsa m'mbali mwa pisitoni, n'kukadikha m'mitu ya masilinda apansiwo. Mpweya umapanikizika, oyilo sapanikizika. Mukaliza injini ili choncho, pisitoni imagunda oyiloyo ngati yagunda khoma, konirodi, chitsulo chimene chimalumikiza pisitoni ndi shafuti yozungulira, n'kupindika. Choopsa n'chakuti nthawi zina imangopindika pang'ono, injini n'kumalira bwinobwino, kenako n'kudzathyoka tsiku lina ndege ili m'mwamba. Amakaniko amati hydraulic lock.

Mankhwala ake ndi kuzungutsa pulopela ndi manja musanalize. Matayala atsekedwe, swichi ya magneto, chimene chimapereka moto ku mapulagi, ikhale yothimitsa ndipo muione ndi maso anu, komabe pulopelayo muziyenda nayo ngati injini ingadzuke, chifukwa kawaya kamodzi kothimitsira magneto kakaduka swichi imanama. Mumakokera mbali imene injini imazungulira, modekha, osachepera maulendo awiri athunthu kuti silinda iliyonse ipanikizeko. Pulopela ya Harvard ili ndi mapeni awiri, ndiye osachepera mapeni anayi adutse m'manja mwanu, ngakhale ambiri timapitirira pamenepo.

Tinali awiri, ine ndi mnyamata wina wophunzira, wamphamvu zake komanso womvera kwambiri. Kumverako ndiye kunandipha. Tikukoka, pulopela inangoti gwa. Kupanikizika kwa mpweya kumakhala kofewa, kumakankha kenako n'kulolera, koma uku kunali kuuma kwa chitsulo. Mnyamata uja anafuna kuibweza m'mbuyo, ine ndinamugwira dzanja. Ukaibweza, valavu yolowetsa mpweya imatseguka, oyilo n'kuthawira mu paipi yake. Pulopela imamasuka, iwe n'kumati wachiza, koma injini ikangolira imamuyamwanso oyilo yense uja nthawi imodzi, ili pa liwiro. Mbali imeneyi ya nkhani, imene ndikuoneka wanzeru, palibe anaijambula.

A injiniya athu anabwera, nayesa okha, n'kugwedeza mutu. "Tsegulani chivindikiro cha pansi, achimwene, muchotse mapulagi akutsogolo a 5 ndi 6. Ikani chidebe. Ndikubwera." Anapita kukatenga mawashala atsopano.

Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamasula mawaya, ndinachotsa pulagi ya 5, munatuluka madontho owerengeka. Ya 6 itangochoka, oyilo anayamba kutsika ngati chingwe chakuda, waulesi, poti oyilo wa injini zoterezi ngolemera ndipo akazizira sathamanga. Patapita kanthawi chingwecho chinaduka. Koma bowo la pulagi silili pansi penipeni pa mutu wa silinda, choncho wina amatsalira, ndipo ameneyo amatuluka pokhapokha pisitoni imukankhe. Ndinamuimika mnyamata uja pa pulopela. "Iwe, gwira apa. Usasunthe mpaka ndinene kuti koka." Anati, "Chabwino, bambo."

Nthawi imeneyi alendo anali ataunjikana kuseri kwa chingwe, ana asukulu kutsogolo. Munthu wa malaya oyera akaona khamu lotere pakamwa pamayabwa. Ndinawauza kuti ku America ndegeyi amaitcha T-6 Texan, kuti anapanga zoposa 15,000, kuti asilikali a m'mlengalenga a ku South Africa anaphunzitsira oyendetsa ndege pa iyo mpaka 1995. Mwana wina anafunsa kuti oyiloyo akutulukira pati. Ndinatenga tochi, ndinawerama pansi pa mphuno ya ndege, nkhope chagada, diso limodzi pa bowo, pulagi ili m'dzanja lina, pakamwa pakugwirabe ntchito.

"Mukuona, ana inu, muno mwatsala oyilo. Ndikachoka pano, ndimuuza mkulu wanuyu kuti koka..."

Anakoka.

Tsono apa pakufunika masamu, kuti mumvetse kuti sikunali kudontha. Pisitoni ya R-1340 ndi yotambalala mamilimita 146. Bowo la pulagi ndi la mamilimita 18. Kukula kwa nkhope ya pisitoni kumaposa kwa bowolo maulendo opitirira 60, kutanthauza kuti pisitoni ikayenda mwaulemu, oyilo amatuluka ndi liwiro lochulukitsa ka 60, ndipo ulemu sakhala nawo. Mnyamatayo sanakoke mwaulemu.

Oyiloyo ndinamuona akubwera. Anthu satsutsa zambiri koma ichi amatsutsa, komatu tochi inali yoyaka ndipo ndinamuona ndithu, kadontho konyezimira kakukula pakati pa bowo. Ndinapeza nthawi yoganiza kuti kodi kameneka n'kachiyani. Ndinapezanso nthawi yoyankha ndekha. Nthawi yotseka pakamwa ndiyo inasowa, chifukwa mawu akuti koka amathera pakamwa pali yasa. Anayambira pa diso lamanzere, anatsikira m'mphuno, analowa m'kamwa mpaka kukafika pa dzino limene adokotala a mano amalephera kulifika, wotsala n'kulowera m'kolala, kutsika pachifuwa mozizira, mosafulumira, mpaka pa lamba. Kenako silinda inapuma mpweya, psuu, kundiwaza timadontho totsiriza kuti pasatsale poyera.

Amene sanalawepo, oyilo wakale wa ndege amamveka chitsulo, mwaye, ndi kafungo ka petulo patali. Si wowawa. Vuto lake sachoka. Ukalavula amatsala, ukatsuka ndi madzi madziwo ndi amene amachoka.

Panali zii. Ndinadzuka pang'onopang'ono, tochi ikuyakabe, nkhope yonse noninoni, diso limodzi lokha likuphethira. Ndinaganiza kuti ndikapitiriza kulankhula mwina aziyesa kuti ndi mbali ya chionetsero, ndiye ndinati, "Mwaona mmene amatulukira?" Mawuwo anatuluka ndi thovu lakuda. Mwana uja anafunsa aphunzitsi ake ngati tidzabwerezenso masana, chifukwa mnzake sanaone bwino.

Mnyamata uja anali chiimire, manja akadali pa pulopela. "Bambo, munati koka." Ndinati ndimauza ana. "Koma munati koka." Mpaka lero wakakamira pomwepo, ndipo anthu ambiri ali mbali yake. Ine funso langa ndi limodzi: munthu ukuona mutu wa mkulu wako uli pansi pa silinda, sungafunseko kaye?

A injiniya atafika sanaseke msanga. Anayamba ayang'ana m'chidebe, momwe munali mopanda kanthu kwenikweni, kenako anayang'ana ine. Anandikalipira chifukwa choika mutu pafupi ndi njira ya pulopela munthu ataigwira, ndipo pamenepo ndinangoti chete. Kenako anafunsa pulagi ya 6. Inali pansi pa simenti. Pulagi ya ndege ikagwa sibwereranso mu injini, chifukwa dongo loyera la m'kati limatha kusweka mosaoneka ndi maso. Anaitola, naiponya m'bini, napita kuseri kwa phiko. Phikolo ndinaliona likugwedezeka.

Zotsala zinayenda mwa dongosolo. Tinazungutsanso pulopela kangapo mapulagi ali kunja, chisanza chili pa bowo, mpaka munangotuluka mpweya. Pulagi ya 5 inatsukidwa n'kuumitsidwa, ya 6 inalowa ina, zonse ndi mawashala atsopano a kopa, zomangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu monga buku la injini likunenera. Tinayesanso ndi manja, inazungulira mofewa. Italira inatulutsa utsi woyera wobisa ndege yonse, monga zimachitira injini zozungulira zikamaotcha oyilo wotsalira, utsiwo n'kutha. Anthu anaombera m'manja woyendetsa ndege, amene ntchito yake yonse inali kukhala pampando. Amene anapulumutsa konirodi anali kumpopi ndi sopo wa makaniko, akutokosa m'khutu.

Pano andisamutsira ku ndege ina yotchedwa Tiger Moth, akuti ndikathandize kusoka nsalu ya mapiko, ndipumeko ku oyilo. Injini ya Tiger Moth ndi Gipsy Major, ndipo masilinda ake onse anayi ngozondoka. Sindinawakumbutse. Ovolosi ndagula.