Mmene ndege za injini ziwiri zinagonjetsera chimphona

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikutsatira mpikisano wa pakati pa Boeing ya ku America ndi Airbus ya ku Ulaya pa ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali, zija zokhala ndi tinjira tiwiri pakati pa mipando. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti makampani awiriwa analiona tsogolo mosiyana kwambiri.

Airbus inkakhulupirira kuti mabwalo a ndege akuluakulu monga a ku London ndi Dubai adzapitiriza kudzaza, motero inapanga A380, chimphona chosanjikizana cha injini zinayi, chomwe chinayamba kunyamula anthu mu 2007. Boeing inasankha 787, ndege yocheperapo ya injini ziwiri yomwe pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zipangizo zopepuka, pofuna kuti apaulendo azifika kumene akupita popanda kusintha ndege panjira.

Mafuta ndiwo anagamula mlanduwu. Injini zinayi zimamwa kwambiri, ndipo kudzaza mipando yoposa 500 tsiku lililonse si nkhani yamasewera. Airbus inasiya kupanga A380 mu 2021 itapereka ndege 251 zokha, ndipo pafupifupi theka la izo zinapita ku Emirates, kampani ya ndege ya ku Dubai. Kunena zoona zimandidandaulitsa, pakuti phokoso m'kati mwake ndi lochepa modabwitsa.

Komabe Airbus sinagwe mphwayi, chifukwa A350 yake, ndege ya injini ziwiri yomwe inayamba ntchito mu 2015, ikugulidwa kwambiri pamene 777X ya Boeing, ija yopinda nsonga za mapiko ikatera, yachedwa ndi zaka zingapo.