Anakubala ku Zomba, ine ndi amayi anga

Chaka cha 2023 tsiku la Anakubala linagwera Lamulungu, choncho holide inasunthira Lolemba pa 16 Okutobala. Masiku atatu athunthu osapita kuntchito. Anzanga anali atapangana kale zopita ku Mangochi, ndipo ndalama za minibasi anayamba kusonkha mu Ogasiti. Ine ndinawakanira. Ndinali nditatuma kale uthenga kumudzi kuti amayi abwere kuno ku Zomba adzadye holideyi ndi ine, chifukwa pa zaka zonse zimene ndakhala m'tauni muno anali asanabwerepo ulendo wongocheza. Akabwera ndiye kuti ndi zakuchipatala, kapena kwagwa maliro a wachibale.

Loweruka m'mawa ndinakawadikira ku depoti. Amene amakhala ku Zomba akudziwa mmene msewu wa M3 umakhalira nthawi ya Anakubala. Magalimoto ochokera ku Blantyre amangondondozana, nyimbo zili pamwamba, ana atasuzumira m'mawindo, kumbuyo atalongedza mabokosi a zakumwa. Amaima pa filing'i, kuthira mafuta, kugula madzi, kenako ulendo wa ku Liwonde mpaka kunyanja. Kwa iwo Zomba ndi podutsira chabe. Zimenezi zimandiwawa ndithu, chifukwa mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, aphungu ankakumana konkuno mpaka 1994, ndipo phiri limene alendo a kunja amalipira ndege kudzaliona lili pamutu pathu penipeni. Koma ikafika holide ngakhale ife eni ake timatseka zitseko n'kuthawa.

Amayi anatsika atasenza dengu. Kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo munthu wa kumeneko sapita kwa mwana wake chimanjamanja. M'dengumo munali mpunga wa m'dimba mwawo, milamba iwiri yowamba atayikulunga m'nyuzipepala, ndi matemba ouma odzaza kambale. Ndinawauza kuti, “Amayi, masiku atatu ano simugwira mthiko. Muzingodya zophikiridwa.” Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Chabwino mwanangu, tiona.”

Tinayambira mumsika waukulu kukasankha chitenje. Sabata ya Anakubala ogulitsa nsalu amakhala pa mpanipani, ndipo amayi anatenga nthawi yawo, kugwira nsalu iliyonse ndi zala ziwiri, kuikoka pang'ono, kuiyang'ana kuseri kuti aone ngati utoto walowerera. Atasankha tinakwera mtunda pang'onopang'ono kulowera ku Botanical Garden. Mwezi wa Okutobala mitengo ya jakaranda imakhala itachita maluwa, ndipo m'misewu ya kumtunda kuja pansi pamangoti bii ndi maluwa ofiirira othothoka. M'mundamo tinapeza maukwati atatu akujambulitsa nthawi imodzi, gulu lililonse ndi mtundu wake wa zovala, ojambula akukalipira operekeza akwati kuti aime bwino. Ameneyu ndiye mwambo weniweni wa Loweruka la holide ku Zomba: ukwati m'mawa kutchalitchi, zithunzi kumunda kuja m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, masana perekaniperekani m'maholo. Amayi anakhala pa mwala kuonerera kwa ola lathunthu, akuyamikira madiresi ngati akwatiwo ndi ana a mnansi wawo.

Lamulungu ndi limene ndinalikonzera kwambiri. Titaweruka kutchalitchi, kumene azimayi onse anaimiritsidwa n'kuomberedwa m'manja, ndinawatengera ku malo ena odyera apamwamba. Dzina sinditchula. Ndinali nditasunga ndalama mwezi wonse kuti amayi akhale pa tebulo la nsalu yoyera, wina awathirire madzi osamba m'manja. Anthu anali atadzaza, gulu loimba nyimbo zauzimu likuyesa zida zake pakona. Atabweretsa pepala la zakudya ndinawawerengera amayi mokweza: nkhuku ndi tchipisi, nyama yang'ombe ndi tchipisi, pizza, chambo. Amayi anafunsa mtsikana woperekera zakudya uja kuti, “Mwanangu, nsomba za kuno muli nazo?” Iye anayankha mwaulemu kuti kuli chambo basi. Tinaitanitsa chambo ndi nsima.

Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Chakudya chitabwera, chambo chinali chouma ngati chakazingidwa kawiri, nsima itazizira mpaka kuchita chikhokho pamwamba, masamba ake kabichi wongofutsa wopanda ngakhale tomato. Amayi anadya mwakachetechete, anamaliza mtanda umodzi, n'kuthokoza mtsikana uja ndi manja awiri. Sanadandaule kanthu. Koma ine mtima unandipweteka, ndipo mtsikanayo sindinamuimbe mlandu ayi, chifukwa ankathamanga yekha matebulo asanu ndi awiri, thukuta lili kamukamu. Chimene chinandikhumudwitsa ndi ichi: malo odyera ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi makumi atatu okha kuchokera ku nyanja ya Chilwa, koma pa pepala lawo palibe makumba, palibe mlamba, palibe matemba. Zili ngati nsomba zathu n'zochititsa manyazi, zoyenera kudyera kuseri kwa nyumba mlendo akachoka.

Usiku umenewo amayi anandifunsa mtengo wa chakudya chija. Ndinazemba. Anati, “Usandibisire, ndinaona nkhope yako popereka.” Kenako anangoti, “Mawa tikadye kwa anthu.”

Lolemba tinalawirira kuphiri. Ndinabwereka galimoto ya mnzanga, ndipo tinakwera msewu wokhotakhota uja amayi atagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, akupemphera chapansipansi pa kona iliyonse. Kutauni dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha, koma titangodutsa damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene timamwa m'tauni muno, mphepo yozizira inalowa pawindo, amayi n'kufunda chitenje chatsopano chija m'mapewa. Chakufupi ndi hotela ya Ku Chawe anyamata ogulitsa zipatso anatithamangira, mbale zili m'manja: masitiroberi, mabulosi, magalagadeya. Amayi anali asanalawepo sitiroberi. Anatenga imodzi, kuinunkhiza, kuiluma theka, n'kutsinzina chifukwa cha kuwawasa. “Kachipatso kokongola chonchi,” anatero, “koma sikaposa suku.” Komabe anagula mbale ziwiri zoti akapatse adzukulu kumudzi, ndipo mtengo ananenerera okha mpaka mnyamatayo anagonja akuseka.

Tinaima pang'ono pa mathithi a Williams, pamene panali achinyamata a sukulu ya ukachenjede akujambulana, mapazi ali m'madzi. Kenako tinatenga mnyamata wolondolera alendo kuti atiperekeze ku Emperor's View. Msewu wake ndi wafumbi ndi miyala, ndipo m'malo ambiri momwe kale munali nkhalango ya paini tsopano muli zitsa zokhazokha ndi nthaka yakuda ndi moto. Tinakumana ndi azimayi akutsika atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi abambo akukankha njinga zolemedwa ndi matabwa. Amayi anawayang'ana azimayiwo mpaka atazimiririka. Anati, “Amenewa holide yawo ndi imeneyi.”

Mnyamata uja anatifotokozera kuti malowa anatchedwa dzinali chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima pomwepo mu 1965, ndipo kuti Marasta amabwera kudzalemekeza malowa. Chapafupi pali Queen's View, pamene anaima amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Amayi anga zonsezi anangogwedeza mutu. Maso awo anali kwina. Nthawi imeneyi ya chaka mlengalenga mumadzaza utsi wa moto wa m'tchire, moti phiri la Mulanje linkangooneka ngati mthunzi. Koma chakum'mawa, kupitirira denga la malata la tauni yonse, kupitirira minda youma, kunali kamzere kotuwa kong'anima pang'ono. Ndinaloza n'kunena kuti, “Amayi, Chilwa ndi uyo.”

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayamba kuloza okha. Kaphiri kali pakati pa madzi kaja anakazindikira kuti ndi chilumba cha Chisi. Anayerekeza pamene pali Kachulu, pamene mtsinje wa Likangala umathira, pamene pali dimba lawo la mpunga. Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akhala akuliona phiri ili ali kumunsi, dzuwa likamalowa kuseri kwake, koma anali asanaionepo nyanja yawo ali pamwamba. “Kodi n'kakang'ono chonchi?” anafunsa. Ndipo anayamba kundisimbira za 1995, chaka chimene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda wapansi mpaka ku Chisi, matope atang'ambikang'ambika, mabwato ali gada pamtunda. Bambo anga, amene anali msodzi, anapita kukafuna ganyu kutali, ndipo amayi anatilera miyezi imeneyo ndi mphasa zoluka ndi manja awo. Ine ndinali wamng'ono, ndimangokumbuka kuti ndiwo zinali therere tsiku ndi tsiku. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndiponso ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imabwerera m'mbuyo mpaka kutha. Inachitanso zomwezo mu 2018. Amayi anati chimene chimawadabwitsa mpaka lero n'chakuti madzi akabwerera, matemba nawo amabwerera, osadziwika kumene anabisala. Mnyamata wolondolera uja anati amathawira m'mitsinje ndi m'madambo. Amayi anati, “Eya, koma amene amawauza kuti bwererani ndani?”

Tinatsika phiri njala itatigwira zenizeni. Malo ambiri odyera a m'tauni, aja amadalira anthu a m'maofesi ndi ana a sukulu, anali otseka chifukwa cha holide. Koma msika sutseka. Kuseri kwake kuli timalesitilanti ta azimayi, ta mabenchi ndi nsalu yotchinga pakhomo, ndipo amayi ndiwo anasankha polowa. Sanayang'ane chikwangwani. Anasuzumira m'miphika. Mwini wake, mayi wa msinkhu wawo, anavundukula umodziumodzi: nyemba, nkhuku ya lokolo, mpiru wotendera, mlamba wowamba wophikidwa ndi tomato, makumba okazinga, ndi kapoto kakang'ono ka matemba.

Matemba amenewo ndiwafotokoze. Anali atawakazinga kaye pa moto wochepa opanda mafuta mpaka mamba ndi mchenga zitayoyoka, kenako kuwatsuka, n'kuwaphika ndi tomato, anyezi ndi kambuzi mmodzi wosaphwanya, kuti fungo lokha lilowe. Msuzi unali wochepa, wogwira, wofiira, mchere utakolera bwino. Kuwawira kuja kumene anthu ena amadana nako matemba kunalipo pang'ono chabe, kokwanira kukukumbutsa kuti ukudya nsomba ya ku Chilwa. Nsima anaomola tikuona, yaufa woyera, ikufuka nthunzi moti poitema umayamba wauzira zala. Mtsikana wothandiza anabwera ndi jagi ndi beseni, anagwada n'kuwathirira amayi madzi m'manja. Chinthu chomwe ndinachilipirira ndalama zambiri dzulo lake, kuno chinangochitika mwachizolowezi.

Amayi anadya mitanda itatu. Pakati pa chakudya anayamba kucheza ndi mwini malowo, ndipo zinapezeka kuti mayiyo amapikula nsomba zake kwa amalonda a ku Kachulu komweko, amene amafika nazo m'mamawa pa njinga. Anayamba kutchulirana midzi ndi mafumu, kudandaulirana za madzi osefukira a namondwe Freddy amene anawononga mbewu m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, kukambirana ngati mpunga wa Faya ukadali wonunkhira ngati kale. Mayiyo anati holide ya Anakubala iye sanaipumepo chiyambire, chifukwa ndi tsiku limene akabaza, alonda ndi ogulitsa mumsika amafuna nsima ngati masiku onse. Ana ake anamutumizira ndalama pafoni m'mawa, iye n'kuwonjezera pogula makala. Potuluka anatithirira thobwa m'makapu awiri, wa mawere, wozizira bwino, n'kukana kuti tilipire. Anati, “Ameneyu ndi wa Anakubala.”

Ndikudziwa kuti mzinda uno ukuyesetsa. Chikondwerero cha Zomba City Festival, chimene chimachitika chakumapeto kwa Epulo, chimabweretsa oimba, alakatuli ndi ojambula, ndipo masiku amenewo alendo amagona m'tauni muno m'malo mongodutsa. Ndimapitako ndipo ndimasangalala. Koma ndikufunitsitsa tsiku lina nditaona eni malo odyera akuluakulu atatsika kumsika kuja, n'kukhala pa benchi, n'kufunsa mayi uja mmene amaphikira matemba. Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena kunja tchipisi ndi nkhuku wazisiya kwawo. Chimene sangachipeze kwina ndi mlamba wa ku Chilwa ndi mpunga wa ku Likangala, atadyera pansi pa phiri limeneli.

Madzulo a Lolemba lomwelo magalimoto aja anayamba kudutsanso, tsopano kulowera ku Blantyre, nyimbo zitatsika, ana atagona m'mipando. Ife tinali pakhonde. Amayi anali ataphwanya kale lamulo langa: mbaula inali itayaka, mlamba wa m'dengu uja uli pamoto, ndipo ankandituma kuti ndikagule tomato wina pa okala chifukwa amene ndinali naye anali wosapsa.