Ubatizo umene unkadula malire ku Estonia

Masiku ano ndikuwerenga za nkhondo zimene Ajeremani anamenya kumpoto kwa Ulaya m'dzina la mtanda, ndipo ya ku Estonia ndi imene yandikhala pamtima. Inayamba mu 1208, asilikali a Bishopu Albert wa ku Riga (mzinda umene lero uli ku Latvia) atayamba kuthira nkhondo madera a Aestonia, ndipo inatha zaka pafupifupi 20.

Aestonia analibe mfumu imodzi. Dera lililonse linali ndi akuluakulu ake ndi malinga ake. Amene anayesa kuwagwirizanitsa ndi Lembitu, mkulu wa ku Sakala. Pa 21 Seputembala 1217 anatsogolera amuna pafupifupi 6,000 kunkhondo kufupi ndi Viljandi, koma anagonja, iyenso anafera pomwepo.

Chimene chandivuta kumeza ndi nkhani ya ubatizo. Mu 1219 Mfumu Valdemar II ya ku Denmark inafika ndi zombo pamene lero pali mzinda wa Tallinn, n'kuyamba kulimbirana dziko ndi Ajeremani. Mudzi umene wabatizidwa ndi ansembe a ku Riga unkawerengedwa kuti ndi wa Riga, wobatizidwa ndi a ku Denmark n'kukhala wa Denmark. Choncho panali liwiro lenileni. Wansembe Henry wa ku Livonia, amene ankabatiza nawo m'midzimo, analemba kuti a ku Denmark ankapatsa anthu wamba madzi odalitsidwa kuti akawaze okha akazi ndi ana awo, ansembe a ku Riga asanafike. Analembanso kuti a ku Denmark anapachika mkulu wina dzina lake Tabelinus chifukwa anabatizidwa ndi a ku Riga. Tangoganizani, Akhristu kupha munthu chifukwa wabatizidwa ndi Akhristu anzawo!

Ukadziwa zimenezi, zimene zinachitika mu 1223 zimamveka. Aestonia ataukira, anasamba thupi lonse n'kutsuka nyumba ndi malinga awo kuti achotse ubatizowo. Anafukula abale awo m'manda a tchalitchi n'kuwatentha monga mwa mwambo wa makolo. Henry anaona kuti kumeneku n'kukana Mulungu. Ine monga Mkhristu sindingathe kuwaweruza motero. Uthenga Wabwino anaumva liti? Madzi amene anawathira anabwera limodzi ndi msonkho wa chakhumi, ana awo otengedwa ngati chikole, ndi bwana wachilendo m'linga. Zimenezi ndi zimene ankatsuka. Ndipo zonsezi tikuzimva kuchokera kwa Henry yemweyo, wa mbali ya adani awo, poti Aestonia a nthawi imeneyo sanasiye zolemba zawo.

Linga la Aestonia la ku Tartu linagwa mu 1224. Chilumba cha Saaremaa chinatsala chokha mpaka mu 1227, pamene nyanja inaundana ndi kuzizira, asilikali a ku Riga n'kuwoloka akuyenda pamwamba pa madzi oundanawo. Linga la pachilumba choyandikana nacho cha Muhu analiphwasula. A ku Valjala, linga la pa Saaremaa, atamva zimenezi anagonja, napereka ana a akuluakulu awo ngati chikole, ndipo ana omwewo ndi amene anayamba kubatizidwa.