Boma la ku Florida komanso tebulo limene tinasankhira amayi

Achimwene anga, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Orlando, mzinda wa ku Florida ku America, atatiimbira foni n'kunena kuti tikadzafika kumeneko tsiku lina tidzakadya ku Boma, amayi anafunsa modabwa ngati boma la ku America limaphikira alendo. Amayiwo anakulira ku Dedza asanatsatire malemu bambo athu kuno ku Harare, ndipo m'makutu mwawo kupita ku boma ndi kupita kwa a DC, kukhoti kapena kokhoma msonkho, kumene munthu sabwerako ali wokhuta. Tinaseka tonse m'nyumba mwathu ku Mufakose, koma funso lawolo ndilo linayambitsa mkangano umene unatitengera pafupifupi masabata atatu, wofuna kudziwa kuti mwa malo odyera onse otchedwa achiafirika a ku Walt Disney World, malo akuluakulu a zosangalatsa a kufupi ndi Orlando, ife Aafirika enieni tikakhale pati.

Boma limene achimwene ankanena ndi lesitilanti ya mu hotelo ya Disney's Animal Kingdom Lodge, imene inatsegulidwa mu 2001, patatha zaka zitatu chitsegulire paki ya Animal Kingdom mu 1998. Dzinali linachokera ku Chiswahili, kumene limatanthauza mpanda kapena linga lotetezera anthu ndi ziweto. Kwathu ku Malawi liwulo linasanduka dzina la ulamuliro chifukwa maofesi oyamba a atsamunda ankakhala m'malinga otere. Ndinamvapo anthu akunena kuti ndi chidule cha mawu a Chingerezi, koma imeneyo ndi nthano chabe, pakuti liwulo linalipo kale Angerezi asanamange ofesi ndi imodzi yomwe. Ife a kuno ku Zimbabwe tilinso ndi Boma lathu ku Victoria Falls, kumene alendo amadya akumvera ng'oma ndipo amene walimba mtima n'kudya madora, mbozi zodyedwa zofanana ndi matondo a kwathu, amapatsidwa setifiketi. Choncho dzinalo linandikopa msanga, makamaka nditamva kuti pamwamba pa lesitilanti ya ku Florida pali malo omwera zakumwa otchedwa Victoria Falls Lounge.

Ndivomere kuti poyamba ndinalakwitsa kasankhidwe. Ndinkafufuza pa intaneti ndi funso limodzi lokha m'mutu, lakuti ndi pati pamene tikapeze nsima, kapena sadza monga ana anga amanenera, ndipo malo alionse amene sanatchule chakudya cha ufa wa chimanga ndinkawaona ngati onama. Akazi anga ndi amene anandibweza pondifunsa ngati tikuwoloka nyanja ndi kugona m'mabwalo a ndege kuti tikadye chimene timavundula tokha madzulo alionse. Anandikumbutsanso kuti Afirika amene anthuwo akuyesa kumuonetsa ndi wa maiko oposa 50, ndipo mphika wa ku Morocco, wa ku Zanzibar ndi wa ku Cape Town sungafanane ndi wa ku Dedza. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunafuna kwathu pa mndandanda wa zakudya n'kuyamba kuyang'ana anthu amene adzakhale patebulo, omwe anali amayi, ine ndi akazi anga, ana athu awiri a zaka 11 ndi 7, ndi achimwene.

Malo amene tinawaganizira mozama anali anayi. Tusker House ili m'kati mwa paki, m'mudzi wongomanga wotchedwa Harambe, ndipo kuti munthu adyemo ayenera kukhala ndi tikiti ya paki ya tsikulo. Kumeneko anthu oyerekezera Donald Duck, bakha wa m'makatuni, ndi anzake amayendera matebulo atavala zovala za safari, zimene mwana wathu wamng'ono anazilirira, koma tinadziwa kuti phokoso lake amayi sangalipirire. Jiko, dzina la Chiswahili la malo ophikira, ndi yapamwamba, imatsegula madzulo okha, imafuna kuti anthu avale mwaulemu, ndipo imatchuka ndi vinyo wochuluka wa ku South Africa. Pabanja pathu palibe amene amamwa, amayi ndi a chigwirizano cha CCAP, choncho imeneyo tinaidutsa osataya nthawi. Zinatsala ziwiri, Boma ndi Sanaa, ndipo zonse zili kuhotelo, kumene munthu amaloledwa kukadya ngakhale sakugonako komanso alibe tikiti ya paki.

Boma ndi malo amene munthu amalipira mtengo umodzi n'kumadzitengera yekha chakudya mpaka atakhuta, m'mawa kapena madzulo, koma masana satsegula. Achimwene anaiyamikira kwambiri chifukwa cha bobotie, nyama yogayidwa yophikidwa ndi zonunkhira n'kuphimbidwa ndi mazira, imene ndi chakudya cha Amalay a ku Cape, komanso chifukwa cha pap (nsima ya ku South Africa) ndi chakalaka (ndiwo zamasamba za tsabola), misuzi yosiyanasiyana, ndi timakeke totchedwa Zebra Domes timene amathiramo mowa wotchedwa Amarula. Kunena zoona mndandandawo unanditsitsa dovu. Koma nditakhala pansi ndi cholembera ndinaona zinthu zimene munthu wa banja lalikulu ayenera kuziwerengera asanasangalale. Ku Disney mwana amawerengedwa kuti ndi mwana kuyambira zaka 3 mpaka 9, kotero kuti mtsikana wathu wa zaka 11, amene amakhuta ndi chidutswa chimodzi cha nkhuku, akanalipira ngati munthu wamkulu. Amayi nawonso amadya pang'ono ngati mbalame. Pamwamba pa izo, gulu la anthu 6 kapena kuposerapo limawonjezeredwa 18 peresenti ya ndalama yothokozera operekera chakudya, kenako msonkho, ndipo ife tinali 6 ndendende. Munthu wozolowera mitengo ya ku Avondale kuno ku Harare, kumene chimene chalembedwa ndicho umalipira, angadzidzimuke ngati sanauzidwe zimenezi.

Komabe ndalama sizinali zimene zinathetsa nkhaniyo. Nditawafotokozera amayi mmene kudzitengera chakudya kumakhalira, anakhala chete kwa kanthawi kenako anati: "Mwananga, pa msinkhu wanga uno ndikaime pamzere ndi mbale m'manja ngati mwana wodikira phala kusukulu? Mlendo amakhala pansi, chakudya n'chimene chimamupeza." Achimwene anayesa kunena kuti iwo adzawatengera, koma amayi anayankha kuti mwana wamwamuna wa ndevu zake sazungulira ndi mbale ya amake pamaso pa anthu. Mawondo awo amawavuta, zimenezo tonse tinkazidziwa ngakhale iwo sanazitchule, ndipo kwa ine mawu awo anali okwanira.

Sanaa, kutanthauza luso kapena ntchito ya manja m'Chiswahili, ili ku Kidani Village, mbali ya hoteloyo imene inatsegulidwa mu 2009. Imaphika zakudya za kum'mawa kwa Afirika zosakanikirana ndi za Chimwenye, ndipo apa ndi pamene achimwene anakwiya pang'ono, ati tingapite bwanji kukadya za Amwenye pamene tinagwirizana zodya za kwathu. Ine ndinaona kuti mfundo yawo inali yopanda mizu. Amwenye anafika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe, ena anabwera kudzamanga njanji yochokera ku Mombasa imene inayambika mu 1896 n'kufika ku nyanja ya Victoria mu 1901, ndipo amalonda awo anali atayenda kale m'gombe la Zanzibar zaka zambiri izi zisanachitike. Samusa amene timagula pa siteji ya basi ku Limbe, chapati cha ku Nairobi ndi zokometsera za kale (curry) zimene amayi amathira m'nkhuku ya pa Khirisimasi zinachokera m'njira yomweyo, ndipo palibe amene amazitcha zachilendo. Amene anadyapo ku Belvedere, dera la Amwenye ambiri kuno ku Harare, akudziwa chimene ndikunena.

Chinthu chinanso chimene Sanaa ili nacho, chimene Boma ilibe, ndi mazenera oyang'ana kudambo kumene nyama zimadya msipu. Apa nthawi ya chakudya ndi yofunika kwambiri. Ife tinapita mu Disembala, pamene dzuwa ku Orlando limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, choncho amene wasungitsa tebulo la 7 koloko usiku amangodziona yekha m'galasi. Tinasankha nkhomaliro ku Sanaa. Malo amayamba kusungitsidwa kutatsala masiku 60, m'bandakucha kwawoko, ndipo popeza mu Okutobala Florida imatsalira ndi maola 6 poyerekeza ndi Harare, ine ndinachita zonse pa foni masana ndili ku ntchito, pamene achimwene anali asanadzuke. Tebulo la pazenera salonjeza, munthu amangopempha akafika ndipo amavomera kudikira, ife tinadikira mphindi zingapo amayi atakhala pa benchi.

Pakhomo tinalandiridwa ndi mtsikana amene kabaji kake kanasonyeza kuti ndi wa ku Zimbabwe, mmodzi wa achinyamata ochokera kumaiko a Afirika amene amagwira ntchito kuhoteloyo kwa kanthawi kuti azifotokozera alendo za kwawo. Atamva ana akulankhulana Chishona anawomba m'manja mwaulemu n'kupereka moni kwa amayi monga mwana woleredwa bwino amachitira, ndipo amayi anamufunsa za makolo ake ndi za mvula ngati kuti akumana pa Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare.

Choyamba kufika patebulo chinali buledi wa Chimwenye wa mitundu ingapo, makamaka naan, pamodzi ndi timbale 9 ta zonyikira, toyambira ku zozizira za yogati ndi za mango mpaka ku za tsabola woluma. Amayi atayang'ana anaona kuti ichi ndi chakudya chodya ndi manja, chonyema ndi kusunsa onse m'mbale zomwezo, ndipo nkhope yawo inamasuka. Anakana kugwira kanthu asanasambe m'manja, choncho akazi anga anawaperekeza kukasamba, ndipo atabwera anapemphera pemphero lalitali ndithu buledi akuzizira. Kambale ka tsabola anakalawa n'kunena kuti kafika pafupi ndi kambuzi koma sikanamupose. Pambuyo pake tinaitanitsa nkhuku ya msuzi wa batala ndi nyama yofutsidwa mpaka kufewa, zonse ndi mpunga, ndipo aliyense analipira chimene anadya, ana anagawana mbale imodzi.

Tili m'kati mwa kudya, nyamalikiti ziwiri zinadutsa chapafupi ndi zenera, mbidzi zili chapatali. Amayi anasiya kutafuna, anagwira dzanja la mdzukulu wawo n'kufunsa ngati zinali zamoyo kapena zopanga, pakuti dzulo lake anali ataona zinyama zambiri za makina m'paki. Titawatsimikizira kuti ndi zamoyo, anati aka kanali koyamba m'moyo wawo wonse kuona nyamalikiti ndi maso. Ine manyazi anandigwira. Akhala mu Harare zaka zoposa 40, ndipo ku Mukuvisi Woodlands, m'kati mwa mzinda womwe uno, kuli nyamalikiti ndi mbidzi zimene munthu angafikeko ndi makombi (maminibasi) awiri kuchokera ku Mufakose, koma palibe mwana wawo ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zowatengera kumeneko.

Ku Boma tinapitabe, ine ndi achimwene awiriwiri, m'mawa wa tsiku lomaliza, ndipo ndinadya pap ndi chakalaka mbale ziwiri popanda wondiwerengera. Amayi anatsala kunyumba kwa achimwene, kumene anali atapeza ufa woyera wa chimanga m'sitolo ya zakudya za ku Latin America, ndipo titabwerera tinawapeza atatereka mphika, akudandaula kuti m'nyumba monse mulibe mthiko woti munthu n'kuvundulira nsima ya anthu 6.