Ankhoswe anabwera chifukwa cha 2-Sep

Pepalalo analipeza ndi mayi akunyumba Loweruka m'mawa, akupisa m'matumba a thalauzi asanaliviike m'beseni. Ine ndinali mtulo, popeza ndinachezera laputopu usiku wonse kuno ku Area 25.

Kusukulu ndikufufuza majini (malangizo achibadwa amene ali m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) amene amayatsidwa ndi njira ya mauthenga yotchedwa Wnt. Selo ikalandira uthenga wa Wnt, puloteni ya beta-catenin imaleka kuphwanyidwa, imachuluka, n'kulowa mu nyukiliyasi, malo osungira majini m'kati mwa selo, komwe pamodzi ndi puloteni ina yotchedwa TCF imayatsa majini ena. Njirayi ikapanda kuzima, makamaka jini ya APC ikawonongeka, khansa ya m'matumbo imayambira pomwepo. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, ndiye sungawayese limodzilimodzi. Ndimaipatsa kompyuta odziwika kale, monga AXIN2, MYC ndi LGR5, kuti iphunzire khalidwe lawo, kenako indisakire ofanana nawo.

Zotsatira ndinazitsegula mu pulogalamu ya matebulo ija, yomwe imadziyesa yanzeru n'kumasandutsa mayina ena a majini kukhala madeti. SEPT2 inasanduka 2-Sep, SEPT9 inakhala 9-Sep, MARCH1 n'kukhala 1-Mar. Vutoli ndi lakale moti pofika mu 2020 bungwe la HGNC, lomwe limapereka mayina a majini a anthu, linali litachita kusintha mayinawa kukhala SEPTIN2 ndi MARCHF1, koma deta yanga inali ya mayina akale. Ndinangosindikiza choncho pa Nsungwi, n'kulemba ndi bolopeni pambali pa 2-Sep: "Uyu amayankha msanga. Ndimuonenso Lachisanu." Pa 9-Sep: "Wovuta, koma ndisamutaye."

Mayi sanandidzutse. Sanakuwenso. Anayanika zovala, anaphika tiyi, n'kuimba foni. Masana ndinangoona kabaza waima pageti, akutsika amalume awo ochokera ku Kawale, atavala jekete ya kutchalitchi dzuwa likuswa mtengo.

"Akamwini, pa 2 Seputembala munali kuti?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinajambula selo pansi ndi kamtengo, ndinati Wnt ali ngati mthenga wogogoda pachitseko, sakulowa m'nyumba koma uthenga umafika kuchipinda. Pamenepo mayi anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Mwamva, amalume? Kuchipinda."

"Wnt ameneyu kwawo n'kuti?" anafunsa amalume.

Ndinati alibe kwawo, ali m'thupi mwa aliyense, ngakhale mwa iwowo. Amalume anadzisisita pamimba, nkhope itasintha.

Ndinathamangira laputopu kuti aone okha mayina enieni. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, batire lili pa 3 peresenti. Ndinatsegula fayiloyo mofulumira, manja akunjenjemera, ndipo pulogalamu ija inachitanso zake pamaso pawo: 2-Sep, 9-Sep, 1-Mar, ndi ena ambiri amene papepala panalibe. Kenako sikirini inathima.

"Ndiye alipo ochuluka," anatero amalume motsitsa mawu.

Anandipulumutsa ndi mwana wa aneba wa Fomu 4, yemwe anafufuza SEPT2 pafoni n'kuwawerengera mokweza. Amalume anamvetsera, akugwedeza mutu ngati akutsatira, kenako anagamula kuti mlandu palibe. Koma nkhuku ndinagulabe, chifukwa iwo sakanabwerera ku Kawale ndi njala, ndipo ya kabaza ndinalipira ndine, kubwera ndi kubwerera komwe.

Lachisanu lotsatira mayi anakoka mpando n'kukhala pambali panga, ati akufuna amuone yekha woyankha msangayo.