Ndege yotera pa mafuwa

Usiku wathawu ndagona bwino, koyamba chiyambire ntchito imeneyi masabata atatu apitawo.

Gulu lathu la ophunzira linapatsidwa ntchito yopanga maquete, kachifaniziro kakang'ono koika pathebulo, ya bwalo la ndege la Chingozi, kuno ku Tete, monga mmene linkaonekera m'masiku a DETA, kampani ya ndege ya ku Mozambique ija, isanasanduke LAM mu 1980. Akuti ikakhala pa chionetsero m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Za kudula makatoni ndi kumata sindinena, anzanga mukuzidziwa. Tinasankha sikelo ya 1:200, kutanthauza kuti sentimita imodzi pathebulo ikuimira masentimita 200 enieni. Msewu wothamangiramo ndege, womwe lero ndi wautali pafupifupi makilomita awiri ndi theka, ukanafuna thebulo la mamita 12 ndi theka, ndiye tinangotengako pomwe ndege zimaima ndi nyumba ya apaulendo. Ndege ya mtundu wa DC-3, yomwe mapiko ake amatambasuka pafupifupi mamita 29, inatuluka masentimita 14 ndi theka. Masamu onsewo ndinakhoza. Koma chinthucho ukachiyang'ana, chinali chidole basi, ngati magalimoto a mawaya aja tinkapanga tili ana ku Ulongwe. Ndinayeza kawiri, katatu, osapeza cholakwika.

Anandimasula ndi mwana wa mlongo wanga, wazaka 7. Anaika chibwano pathebulo, n'kuyang'ana cham'mbali, kenako akuti, "Amalume, ndiye ndegeyi itera bwanji pa mafuwa onsewa?"

Mafuwa? Unali mchenga wa mu Zambezi, womwe ndinakatapa ndekha kumunsi kwa mlatho wa Samora Machel, ndikudzitama kuti ndaikapo nthaka yeniyeni ya kuno. Ndinatenga kanjere kamodzi n'kukayeza. Milimita imodzi. Kuchulukitsa ndi 200 ndi masentimita 20. Mwanayo sananame, ndinali nditayala bwalo lonse ndi miyala yoti n'kuterekapo mphika wa nsima.

Apa ndi pamene zinandilowa m'mutu. Ine sikelo ndinkaitenga ngati yogawira zinthu zomwe ndasankha kuyeza, ndege, zitseko, kutalika kwa nyumba. Sindinkadziwa kuti chilichonse chimene ndaika pathebulo, ngakhale chosayeza, maso a woonera amachichulukitsa ndi 200. Katoni ya mamilimita atatu ndi khoma la masentimita 60. Dontho la guluu la mamilimita asanu ndi chithaphwi cha mita yathunthu pakhomo pa apaulendo. Ulusi womwe ndinamangira mpanda, wa theka la milimita, ndi waya wonenepa masentimita 10, nsichi yeniyeni. Ndege yokha ndi imene inali pa 1:200, zina zonse chilichonse chinali pa sikelo yakeyake.

Mchenga uja ndinapala wonse. Ndinasinja dothi louma mu mtondo, n'kulisefa pa kansalu kakale, ndipo fumbi lakelo ndi lomwe ndawaza. Makoma ndapanganso ndi pepala lolimba, lopyapyala.

Njira yomwe ndikuidalira tsopano ndi kamunthu. Munthu wamtali mita 1.7 amakhala mamilimita 8 ndi theka. Ndinakadula pa pepala, n'kukamata kunsonga ya kamtengo ka machesi, ndipo chilichonse ndisanamate ndimayamba ndakaimika pambali pake. Kodi kangadutse pakhomopa? Kangakwere sitepe iyi osagwira ndi manja? Kunena zoona, ine ndikuona kuti kamunthu aka kakuposa kakyuleta ndi rula kuphatikiza, ndipo aliyense woyamba maphunzirowa azipatsidwa kameneka tsiku loyamba asanamve n'komwe mawu oti escala, sikelo m'Chipwitikizi. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza. Mwina. Koma hangala yake, nyumba yosungiramo ndege, ili ndi chitseko choti kamunthu kanga kangalowe katasenza ena anayi pamutu.

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anaona mchenga uja kawiri konse. Ulendo woyamba anangoti, "Pitirizani." Wachiwiri anayeza mapiko a ndege, n'kugwedeza mutu, n'kupita. Fomula analemba pabolodi, inde, koma fomula imeneyo sinena kuti guluu nayenso ali ndi sikelo. Masabata atatu apita, ndalama za chapa, minibasi za kuno, zapita, ndipo ndi kutentha kwa kunoku guluu akumauma usanalunjike n'komwe khoma. Atsala masiku 9, mitengo ya malambe sindinaiyambe.

Pomwe kamunthu kanga sikakundithandiza ndi pa utoto. Dothi lomwe ndasefalo ndi lenileni, koma pathebulo likuoneka lofiira mopitirira, pamene ukaima patali masana bwalo limaoneka lotuwa. Ena akuti munthu woima mita imodzi kuchokera pa maquete ali ngati waima mamita 200, choncho utoto wonse uyenera kusakanizidwa ndi woyera pang'ono. Zikumveka. Koma pang'ono wake ndi wochuluka bwanji? Ndayesa pa kachidutswa kamodzi, m'mawa kanaoneka bwino, madzulo pansi pa babu kanangokhala ngati phulusa. Mwina ndimuitanenso mwana uja Loweruka.