Nyumba Zakale za ku Natchez ndi Msika Umene Udagumulidwa

Pa maphunziro anga a kasungidwe ka malo a mbiri yakale, ndakhala ndikuwerenga za Natchez, tauni yaing'ono ya m'boma la Adams ku Mississippi, m'dziko la America, imene ili pamtunda m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. Afalansa adamangapo linga lotchedwa Fort Rosalie mu 1716, koma eni nthaka adalipo kale, ndipo chulu chachikulu cha Emerald Mound, chimene makolo awo adaunda ndi manja kuti azichitirapo miyambo, chikadalipo kunja kwa tauniyi.

Nyumba imene yanditengera nthawi yambiri ndi Longwood. Mwini wake, Haller Nutt, adalemera ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, ndipo adafuna nyumba ya mbali 8 ndi zipinda 32. Ntchito idayamba mu 1860, koma nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, amisiri ochokera ku Philadelphia, mzinda wa kumpoto kwa dzikolo, adasiya zipangizo zawo n'kubwerera kwawo. Zipinda 9 zokha zapansi ndi zimene zidatha. Nutt adamwalira mu 1864, banja lake lidapitiriza kukhala pansipo, ndipo kumwamba konse mpaka lero ndi njerwa ndi matabwa osapaka kanthu. Njerwazo adaumba ndi akapolo pamalo pomwepo, koma mayina amene mlendo amayamba kumva ndi a mwini nyumba ndi a wojambula mapulani, Samuel Sloan.

Pafupi pomwepo pali Forks of the Road, umodzi mwa misika ikuluikulu ya akapolo m'chigawo chonsecho. Udakula kuyambira mu 1833, pamene akuluakulu a tauni, poopa kolera, adathamangitsira ogulitsa anthu kunja kwa malire. Ambiri mwa ogulitsidwawo ankayenda pansi kuchokera ku Virginia atamangidwa maunyolo. Msikawu udatha mu 1863, ndipo asilikali akuda a gulu la kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ija adagumula makola ake. Palibe khoma limene lidatsala; pali zikwangwani ndi maunyolo okwiriridwa mu simenti. Anthu adayamba kuonetsa alendo nyumba za olemera mu 1932, koma malo a msikawu adalowa m'manja mwa National Park Service, bungwe la boma losamalira malo a mbiri yakale ndi zachilengedwe, mu 2021, ndipo kuchedwa kumeneku kumandipweteka mtima.

Nyumba ya njerwa ya William Johnson ndiyo imandiletsa kufulumira kuweruza. Iye adabadwa kapolo, adamasulidwa ali mwana, adalemera ndi ntchito yometa tsitsi, ndipo nayenso adagula akapolo. Adalemba zochitika za tsiku ndi tsiku kuyambira mu 1835 mpaka mu 1851, pamene adaomberedwa pa mkangano wa malire a munda. Womupha sadapezeke wolakwa chifukwa adati ndi mzungu, ndipo lamulo silinkalola mboni zakuda, zimene zidaona zonse, kupereka umboni wotsutsa mzungu.